Nkhuku ya Mkamwini ndi Khosi la Apongozi

Pa Khonjeni, mukangodutsa pamene amayi amayalapo nthochi n'kukhotera kumanzere, pali kanyumba ka malata anayi kopaka utoto wobiriwira. Chikwangwani palibe. Anthu amangoti "kwa a Fabiano", ndipo ngakhale mlendo sasochera. M'katimo muli mpando umodzi wa matabwa a bulugama, galasi long'aluka pakona, batire ya galimoto imene imadya moto wa sola ya padenga, ndi bambo wamfupi wadazi amene wameta mitu ya anthu a dera lino zaka makumi awiri ndi zisanu. Odikira pabenchi sachedwa kuwaputa kuti wometa wanji wopanda tsitsi. Iwo amangoyankha akupukuta makina awo: "Langa ndinamaliza kalekale. Ndiye ndinayamba lanu."

A Fabiano Mulipa anabadwira kumalayini a esiteti, m'nyumba ya chipinda chimodzi yoyang'anana ndi munda wa tiyi. Agogo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique atasenza mphasa ndi kathumba ka mbewu ya nyemba za kalongonda. Bambo awo anali odulira tiyi, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwanayo adzalowa momwemo. Analowadi. Anabereka dengu nyengo zitatu, koma msana unakana, ndipo masamba awo ankachepa pasikelo moti akapitawo ankawafunsa ngati akutchola tiyi kapena ndiwo. Chinawapulumutsa ndi sizasi ya amalume awo ndi chipeso chothyoka mano. Tsiku lolandira malipiro ankakhala pansi pa mtengo pafupi ndi pasikelo n'kumameta anzawo. Anachoka pansi pa mtengo kupita pakhonde la golosale ya munthu wina, ndipo atachoka pakhondepo anamanga kanyumba kawo.

Wometa amagwira malo amene mwini thupi sawaona. Kuti lezala iyende bwino kuseri kwa khutu kapena m'munsi mwa chibwano, chala chimayamba chatsogola kukoka khungu. Motero zala za a Fabiano zinayamba kudziwa zinthu zimene iwo sanazifunefune. Anazindikira kuti mwana wa chipere kapena wa tizilonda ta m'mutu kawirikawiri amakhala ndi mwanabere kuseri kwa khutu, timibulu tonga nandolo tothawathawa pansi pa chala, ndipo ukatikhudza mwanayo amadzuma n'kubweza mutu. Chilonda chikapola, timibuluto timazimirira tokha. Wodwala dzino amabwera ndi wake pansi pa nsagwada, wotentha, wopweteka, ndipo amachoka dzinolo likazulidwa. A Fabiano ankawauza makolo mosabisa: "Uyu musamutemere mphini. Kamutengereni mankhwala a chipere kukiliniki, mwanabereyo achoka yekha." Analiponso ena oonda, otsokomola, a zotupa zomatana m'mbali mwa khosi. Amenewo ankawanong'oneza kuti akayezetse chifuwa chachikulu, ndipo ambiri anadzabwerera atanenepa, mpando n'kumalira akakhalapo.

Koma panali a Hopeson, dalaivala wa thirakitala yonyamula masamba kupita nawo kufakitale, bambo wathupi, wokonda nkhani za mpira. Tsiku lina chala cha a Fabiano chinagunda kambulu m'mbali mwa khosi lawo. Sikanali kotentha, sikankathawa, ndipo a Hopeson sanadzume. Anangopitiriza kunyoza timu ya anzawo. A Fabiano anadziuza kuti chosapweteka sichiopsa. Ulendo wachiwiri anakapeza katakula. Wachitatu kanali ndi anzake awiri. A Fabiano anafuna kunena, koma pabenchi panali anthu, ndiye anati adzanena ulendo wina. A Hopeson anapita kuchipatala mimba itatupa kale, ndipo mvula yotsatira sanaione.

Maliro atadutsa, a Hazel, namwino wa pakiliniki ya esiteti amene amadzametetsa tsitsi lawo lalifupi mwezi ndi mwezi, anawafotokozera ali pampando. Anati mwanabere akatupa n'kumapweteka, nthawi zambiri ndiye kuti thupi likulimbana ndi chilonda kapena matenda amene ali chapafupi. "Koma wolimba, wosapweteka, wongokulirakulira mpaka mwezi kutha, ameneyo asamagone pakhomo. Nthawi zina imakhala khansa ya mwanabere yemweyo, ndipo ikapezeka msanga imamva mankhwala." A Fabiano anamaliza kuwameta. Kuyambira tsiku limenelo, benchi idzaze isadzaze, ankamutengera munthu kuseri kwa kanyumba n'kumuuza zimene chala chapeza.

Aliyense ankatha kumuuza, kupatula munthu mmodzi.

A Fabiano ndi mkamwini. Anakwatira a Joan, mwana woyamba wa mayi Nahipa, n'kumanga nyumba pamalo a apongozi awowo, kumapeto kwa esiteti kumene tiyi amalekezera n'kuyamba chinangwa ndi nandolo. Mabanja ambiri masiku ano analeka zopewana, koma mayi Nahipa anali a kale. Zaka makumi awiri ndi chimodzi, mkamwini ndi mpongozi sanakhalepo pamphasa imodzi, sanadyerepo pamodzi, sanayang'anizanepo m'maso. Akakumana m'kanjira ka m'munda wa tiyi, kamene sikadutsa anthu awiri, a Fabiano ankalowa m'tiyi wa mame mpaka m'chiuno n'kuyang'ana kuphiri kufikira mayiwo atadutsa. Uthenga unkadzera mwa a Joan ngakhale onse atatu ali pabwalo limodzi. Mayiwo ankawatchula kuti bambo a Lisa, potengera mdzukulu wawo woyamba. "Uwauze bambo a Lisa kuti mbuzi yawo yadya chigwada changa." "Muwauze amayi kuti ndamva, ndiimanga." Sikuti ankadana ayi. Kalongonda akapsa, mbale yoyamba inkapita kwa mkamwini. Umenewo unali ulemu wa pakhomopo, ndipo a Fabiano ankaunyadira kuposa kanyumba kawo.

Mu Novembala wa chaka chija, mvula yoyamba itangogwa, amuna awo a mayi Nahipa, bambo Jonas, anamwalira atadwala miyezi inayi. Patapita masiku awiri chiikireni maliro, m'mawa, abale anasonkhana kuti amete. Amuna ndi ana anawameta a Fabiano pansi pa mango. Akazi ankametedwa kuseri kwa nyumba ndi gogo wina amene ankagwira ntchitoyo kuyambira kale, koma manja ake anali atayamba kunjenjemera, ndipo atangoyamba anacheka khutu la munthu. Kunamveka kukuwa, kenako a Joan anatulukira pakona.

"Bambo a Lisa, amayi akuti mubwere ndi makina anu."

"Ine? Kuseriko?"

"Akuti ataya kale mwamuna, sakufuna kutayanso khutu."

A Fabiano anapita akuyang'ana zala za kumapazi. Mayi Nahipa anali pamphasa atatembenukira kukhoma, duku lili pamiyendo. Aka kanali koyamba kuti dzanja la mkamwini likhudze mutu umenewo, ndipo anameta mofulumira. Atamaliza anatenga kansalu kuti asase tsitsi logwera m'khosi monga amachitira ndi aliyense, ndipo chala chawo chinatsetserekera m'kadzenje kamene kali pakati pa khosi ndi phewa la kumanzere. Munali chinthu. Kukula kwake ngati dzira la nkhunda, kulimba kwake ngati mphira wa tayala. Chala chinakanikiza chokha mwachizolowezi. Mayi Nahipa sanadzume, sanagwedezeke n'komwe.

A Fabiano anabwerera pansi pa mango. Mutu wotsatira anaumeta mokhota, ndipo mwini wake mpaka lero amawakumbutsa. Mumtima ankadzitonthoza kuti mkazi amene akumetedwa pamaliro a mwamuna wake samva kanthu tsiku limenelo, ngakhale utamubaya ndi singano. Koma chala sichinavomere.

Mawa lake anapeza a Joan akusenda chinangwa.

"Mayi a Lisa, amayi ali ndi chotupa apa." Analoza pakhosi pawo.

"Ndikuchidziwa. N'cha dengu."

"Si cha dengu."

"Inu, munthu wabereka dengu zaka makumi atatu ndi zisanu. Lamba amadutsa pomwepo. Pitani pasikelo mukaone mapewa a amayi onse aja, wosalala mukamupeza mudzandiuze."

"Nanga kuondaku?"

"Munthu wadwazika mwamuna miyezi inayi, dzana wamuika m'manda. Mumafuna anenepe?"

Zonse zinali zomveka, ndipo n'zimene zinawaopsa kwambiri a Fabiano. Anakakamira mpaka a Joan anatenga uthengawo. Yankho linabwera lisanapendeke dzuwa: amayi akuti zikomo, achithowa. Anachithowadi ndi kansalu ka madzi otentha masiku atatu, monga amachitira ndi mwanabere wa chilonda, n'kusiya.

Masabata atatu a Fabiano ankangoonera patali, poti mkamwini maso sanamuletse. Anaona kuti m'mawa uliwonse apongozi awo ankayanika bulangete lonyowa ndi thukuta, chonsecho mamawa a kuno amazizira. Anaona kuti ankakanda mikono akamasankha nandolo, ndipo chitenje chinayamba kuzungulira thupi kuposa kale. Tsiku lina mayiwo anatembenuza mutu poitana nkhuku, ndipo chotupa chija chinaoneka kuchokera tsidya lina la bwalo. A Fabiano anakafotokozera a Hazel kukiliniki. A Hazel anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Bambo Mulipa, ine nkhani sindingaigwire ndi manja. Ndibweretsereni munthu."

Ilipo njira imene akuluakulu anasiya yoti mkamwini ndi mpongozi ayambe kulankhulana. Mkamwini amapita ndi mphatso, ndipo mpongozi akalandira, pakamwa patseguka. Ena amachita zimenezi ana akangobadwa awiri atatu. Pakhomo pano panalibe amene anaziyambapo, ndipo a Fabiano ankaganiza kuti adzafa osazichita. Ankadziwa kuti pakamwa pakatseguka sipatsekekanso. Ankadziwanso kuti mawu awo oyamba kwa apongozi adzakhala onena za thupi lawo, chinthu chimene mkamwini waulemu sachitchula n'komwe.

Lachiwiri m'mawa sanapite ku Khonjeni. Anavala malaya a kutchalitchi, anagwira thadzi lawo lamawangamawanga limene linkaikira kuposa onse, n'kuuza a Joan kuti atsogole. Mayi Nahipa anali pakhonde ndi lichero. Ataona mkamwini akubwera molunjika, anadzambatuka kuti alowe m'nyumba.

"Amayi, khalani," anatero a Joan. "Abwera ndi nkhuku."

Mayiwo anaiyang'ana nkhukuyo nthawi yaitali. "Zaka zonsezi inali isanaswedwe?"

A Fabiano ananjuta pansi pa khonde n'kupereka thadzilo kwa a Joan, a Joan n'kulipereka kwa amayi awo. Mayi Nahipa analikweza m'manja ngati akuliyeza pasikelo, analigwira pachidali, kenako anati, "Lanenepa. Ndalandira."

A Fabiano anakonza kukhosi n'kuyamba kufotokoza, maso ali pamzati wa khonde.

"Mukulankhula ndi mzatiwo kapena ndi ine, bambo a Lisa? Mzati sunalandire nkhuku."

Anatembenuka. Kanali koyamba kuona nkhope ya apongozi awo pafupi, ndipo anadabwa kupeza kuti maso a mwana wawo Lisa anachokera pamenepo.

"Amayi, chotupa chili pakhosi panucho si cha dengu."

"Inu mukudziwa chiyani za dengu? Si munalithawa inu?"

A Joan anagwira pakamwa kubisa phwete.

"Ndinalithawadi, amayi. Koma mapewa a otchola ndawasasa ambiri. Cha dengu chimakhala pakhungu, chakuda, chokhakhala, ndipo chimakhala uku ndi uku poti malamba ndi awiri. Chanucho chili mkati, mbali imodzi, khungu lake losalala."

Dzanja la mayi Nahipa linapita kuphewa la kumanja, kenako la kumanzere, n'kukhala pomwepo.

"Sichipweteka."

"N'chifukwa chake ndabwera. Chikanakhala chopweteka, nkhukuyi ikanakhala ikuikira mazira kwathu."

Anawauza za a Hopeson, zonse, ngakhale za maulendo atatu amene iwo anatseka pakamwa. Nkhani imeneyo anali asanaiuzepo munthu, ngakhale a Joan. Mayi Nahipa ankawadziwa a Hopeson, poti masamba awo ankanyamulidwa ndi thirakitala yomweyo. Anamvetsera osadula mawu.

"Ndamva," anatero pomaliza. "Koma mwezi wa maliro sunathe, ndipo namfedwa sayendayenda. Ukamatha, tiyi adzakhala ataphuka, akapitawo akundidikira. Tidzaona mu Epulo. Ndiponso zinthu zimenezi akazigwira ndi mpeni zimalusa. Ku Blantyre anthu amapita chokhala n'kubwera chogona."

"Pakadafunda padajiwitsa galu, amayi."

"Mwayamba lero kulankhula, mwafika kale pa miyambi?" Anatenga nkhuku yawo n'kulowa m'nyumba.

Lachitatu m'mawa a Fabiano anapita ku Khonjeni ndi njinga yakapalasa, n'kubwerako atamangirira mpando wa bulugama ndi batire kumbuyo. Anali atauza amayi a nthochi aja kuti aliyense wofuna kumeta azimulozera kwa mayi Nahipa. Mpandowo anauimika pansi pa mango, moyang'anana ndi khomo la apongozi, n'kupachika galasi pamsomali.

Anthu anabwera, ena kudzameta, ena kudzaona ngati n'zoona. Pofika masana panali njinga zisanu, wailesi ikulira, ndipo akabaza ankakangana za mpira ngati ali pasiteji. Mphepo inkanyamula tsitsi n'kukalitera pathandala pamene mayi Nahipa anayanika makaka awo a chinangwa. Mayiwo anakhala m'nyumba tsiku lonse. Mkazi wamasiye wometedwa kumene sangadutse pabwalo lodzaza amuna achilendo, ndipo a Fabiano ankazidziwa bwino zimenezo. Ankadziwa kuti pamudzi akunenedwa, kuti mkamwini amene ankalowa m'tiyi wa mame uja lero wasandutsa pakhomo pa maliro kukhala msika.

Chakumadzulo mayi Nahipa anaitana a Joan pawindo. "Uwauze bambo a Lisa kuti…"

"Amayi, nkhuku munalandira. Kawauzeni nokha."

Lachinayi dzuwa lili paliwombo, pampando panali a Stambuli, a kabaza ya njinga yamoto ochokera ku Luchenza, mnzawo wa a Fabiano kuyambira nthawi ya pansi pa mtengo.

"Ndiye achimwene, pa Khonjeni akuthamangitsani, kapena mwayamba kumeta mango?"

"Ndikudikira pasenjala wanu."

"Ali kuti?"

"Akatuluka muwaona. Musagwedeze mutu."

Makina anali atangomaliza mbali ya kumanja pamene chitseko chinatseguka. Mayi Nahipa anatuluka atamanga duku lakuda, anadutsa pakati pa njinga osayang'ana munthu, n'kudzaima patsogolo pa mpando. Wina anazimitsa wailesi.

"Bambo a Lisa. Tsitsi la anthu a ku Luchenza lili m'makaka anga. Ndidya chiyani?"

"Pepani, amayi. Mpando uwu uchoka tsiku limene a Hazel agwire khosi lanu."

"Mukundichititsa manyazi pamudzi."

"Manyazi ndinachita kale ndi a Hopeson, amayi. Ndinaona kumene amathera." Maso sanawabweze.

Anayang'anizana.

"Amayi, njinga ili ndi mafuta," anatero a Stambuli chapansipansi. "Kupita n'kubwera, madzi a pamoto asanawire."

Mayi Nahipa anatembenuka n'kuwayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Ndikwere njinga ya munthu wometa mbali imodzi, anthu aziti ndatengedwa ndi wamisala? Mumalizeni kaye."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buku lawo la kuchipatala m'kapepala ka pulasitiki. Podutsa pa a Joan anati, "Bambo ako andikhululukira. Iwonso sankakhalitsa pakhomo."

A Hazel anagwira khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, n'kupeza china chaching'ono m'khwapa la kumanzere. Anayeza magazi ndi makhololo. Chifuwa chachikulu panalibe, kachilombo panalibe. Analemba kalata ya ku chipatala cha boma, ndipo a kumeneko analemba ina ya ku Blantyre. Tsiku lodula kachidutswa ka chotupacho kuti kakayezedwe, mayi Nahipa anakana kugona pabedi mpaka mkamwini wawo afunse yekha ngati mpeni sukachilusitsa. A Fabiano, amene sukulu analekezera sitandade sikisi, anaima pamaso pa dokotala chipewa chili m'manja n'kufunsa. Dokotala anayankha kuti ayi, chimene chimachikulitsa n'kuchisiya. A Fabiano anatembenuka n'kubwereza mawu omwewo, ngakhale mayiwo anali atamva okha, ndipo pamenepo ndi pamene anagona.

Zotsatira zinatenga masabata asanu. Inali khansa ya mwanabere. Dokotala anati inali isanapite patali, ndipo anafunsa kuti anaipeza ndani. A Joan analoza amuna awo.

"Ndinu azaumoyo, bambo?"

"Ndine wometa."

Mankhwala ake anali a m'botolo lodontha, masabata atatu alionse, maulendo asanu ndi limodzi. A Joan ndi amene ankapita nawo. A Fabiano ankawaperekeza kukakwera minibasi yoyamba n'kubwerera kukatsegula kanyumba, poti ulendo uliwonse unkafuna mitu yambiri. Mankhwalawo sanali masewera. Mayi Nahipa ankasanza, m'kamwa munatuluka zilonda moti ngakhale phala linkawawawa, zikhadabo zinada, ndipo mayi amene ankadzaza dengu anzawo asanafike theka ankapumira kawiri popita kuchimbudzi. Pamudzi panamveka zonena. Ena anati mkamwini wapereka apongozi ake kwa madokotala kuti atsale ndi munda. Ena anasiya kukameta kwa iye. A Fabiano anamva zonsezo n'kupitiriza kumeta amene ankabwera.

Atabwerako ulendo wachitatu, chotupa chinali chitatheratu. Mayi Nahipa anagwira pakhosi, anagwira m'khwapa, n'kulengeza kuti achira ndipo ku Blantyre sapitanso. A Joan analira, anachonderera, osaphula kanthu. Ndiye a Fabiano anapita n'kukhala kumapeto kwa mphasa imene apongozi awo anagonapo pakhonde.

"Mwabweranso ndi nkhuku?"

"Ayi, amayi. Ndabwera ndekha."

"Chinthu chanu chija chapita. Gwirani muone."

"Ndikukhulupirira. Koma amayi, chipere ndimachiona tsiku ndi tsiku. Mwana akapaka mankhwala sabata imodzi chimazimirira, mayi wake n'kusiya. Pakatha mwezi amabwera nayenso kwa ine chitagwira mutu wonse, ndipo ulendo wachiwiriwo mankhwala aja sichiwamvanso msanga. Madokotala anati kasanu n'kamodzi. Sananene kuti mpaka chitabisala."

"Mukundifanizira ndi mwana wa chipere?"

"Mwana wa chipere amamvera, amayi."

Mayi Nahipa anayamba kuseka, kuseka n'kusanduka chifuwa, chifuwa n'kusanduka misozi. Analira nthawi yaitali, kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro, akunena kuti atopa, kuti bambo Jonas anawasiyira zonsezi okha. A Fabiano anangokhala pomwepo akuthamangitsa ntchentche ndi chipewa mpaka mayiwo anatonthola.

"Lachingati?" anafunsa akupukuta m'maso.

"Lolemba la mawa lino."

"Muwauze a Stambuli abwere atameta mbali zonse."

Anamaliza maulendo onse asanu ndi limodzi chiperoni cha mu Juni chitayamba. Thupi linabwerera pang'onopang'ono, ngati tiyi wodulira amene amakhala zitsa zokhazokha kenako tsiku lina mumangoona munda wabiriwira. Amene ankanena za munda aja anayambanso kubwera pabenchi, ndipo a Fabiano ankawameta bwinobwino osawakumbutsa kanthu. Amayi a pasikelo nawo anayamba kubwera awiriawiri, amanyazi, kudzafunsa ngati cha paphewa pawo chili cha dengu. Ambiri chinali cha dengu ndithu. Awiri anawatumiza kwa a Hazel.

Lachisanu lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mayi Nahipa ndi a Joan anachokera ku Blantyre kumene anakaonedwanso. M'malo molunjika kunyumba, mayiwo anauza a kabaza kuti awatsitse pa Khonjeni. Zaka zonsezi anali asanapondepo pakhomo pa ntchito ya mkamwini wawo. Benchi inali yodzaza. Anaima pakhomo atanyamula kachikwama kawo kutsogolo.

"Bambo a Lisa alimo?"

A Fabiano anazimitsa makina. "Ndilimo, amayi."

"Adokotala afufuza paliponse. M'khosi, m'khwapa, ajambula ndi m'mimba momwe. Akuti sakupeza kanthu. Akuti ndizipita miyezi itatu iliyonse azikandiona."

Pabenchi wina anaomba m'manja, ena n'kutsatira. A Fabiano anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta makina amene anali oyera kale.

"Ndiye musaime pamenepo ngati mwamva uthenga wa maliro," anatero mayi Nahipa. "Denga la khitchini yanga likudontha, mvula ili pafupi, ndipo ine dzinja lino ndikubwerera kumunda. Loweruka ndikukufunani."

"Loweruka ndi tsiku la anthu ambiri, amayi."

Mayi Nahipa anayang'ana mitu ya pabenchi umodziumodzi. "Abwere Lolemba. Palibe amene akukakwatira pamenepa."

Loweruka m'mawa a Fabiano anali padenga ndi mtolo wa udzu, apongozi awo ali pansi ndi ndodo akuwalozera podontha. Otchola amene ankadutsa kupita kumunda anamva mayiwo akunena kuti mkamwini wawo kufolera sadziwa, ndipo anamvanso mkamwiniyo akuyankha.